Chenjezo: Oyilo wotayidwa pansi akutibwerera pa chitsime ndi pa mjigo

Mafumu athu, makomiti a mijigo, eni zigayo, anyamata a kabaza, ndi inu ogulitsa mafuta m'zigubu ku Migowi, ku Chiringa ndi pa boma la Phalombe: mvula isanagwe, lekani kukhuthulira pansi oyilo wakuda, dizilo kapena petulo. Lekaninso kuthira oyilo m'chimbudzi pofuna kupha fungo ndi mphutsi.

Masiku apitawa ndinaima kuseri kwa chigayo china m'boma lathu lino. Mnyamata ankakhuthulira oyilo wa injini m'kadzenje, dothi lake lakuda bii, ngakhale udzu sumerapo. Chapafupi pomwepo amayi anali atandandalika ndowa pa chitsime. Nditamufunsa, anayankha mwaulemu ndithu: "Bambo, musadandaule, dothi limamwa." Sananame, limamwadi. Chimene chinandiwawa n'chakuti palibe anamuuzapo kumene zomwedwazo zimapita.

Dzazani mchenga m'kapu, muthiremo madzi pang'ono. Alowa onse, kapu osasefukira, chifukwa pakati pa mchenga pali timipata. Nthaka ndi miyala ya pansi pathu zili choncho. Koma kukhala ndi timipata n'kwina, kudutsitsa madzi n'kwinanso. Makande ali ndi timipata tambirimbiri, koma n'tating'ono kwambiri, n'chifukwa chake madzi amadikha padambo masiku ambiri osalowa pansi. Mchenga ndi nsangalabwi zili ndi timipata tatikulutikulu tolumikizana, ndipo chilichonse chamadzimadzi chimangodutsa.

Makampani ofufuza mafuta amasakasaka zomwezi. Mafuta ndi gasi sizikhala m'dziwe la pansi pa dziko ayi. Zimakhala m'timipata ta mwala wa mchenga woumbika kapena mwala wa laimu, pamwamba pake patavundikira mwala wa dongo wosadutsitsa kanthu. Popanda chivundikirocho mafutawo amayenda n'kuthawa. Tsono madzi amene timamwa kuno, makamaka a m'zitsime zokumba ndi khasu, m'malo ambiri alibe chivundikiro chotere.

Kumunsi kwa mapiri a Michesi ndi Mulanje thanthwe ndi lolimba, ndipo madzi amakhala m'ming'alu yake ndi m'mwala wofumbutuka wa pamwamba. Mng'alu susefa kanthu, umangopereka njira. Kuchigwa nako, mitsinje ngati Phalombe ndi Sombani yakhala ikuyala mchenga ndi matope popita ku nyanja ya Chilwa. Napolo wa mu Malichi 1991 ndi namondwe Freddy wa mu Malichi 2023 anasiyanso mchenga ndi miyala m'minda ndi m'midzi. Mungapeze makande pamwamba, koma kungokumba pang'ono mwafika pa mchenga. Dzenje la chimbudzi limaboola makande amene akanatiteteza, choncho wothira oyilo m'menemo wamufikitsa yekha pafupi ndi madzi. Dzinja likafika madzi a pansi amakwera, n'kukumana ndi oyiloyo, n'kumutenga. Kumbukiraninso kuti Chilwa alibe mtsinje wotulukamo. Cholowa m'menemo chimakhala momwemo, pamodzi ndi matemba amene ana athu amadya.

Mu petulo muli mankhwala otchedwa benzene, amene amasungunuka m'madzi ndipo amayambitsa khansa ya m'magazi. Oyilo wakuda amanyamulanso tizitsulo ta poizoni tochokera mu injini. Ku Nigeria, m'dera la Ogoni, lipoti la bungwe la UNEP la m'chaka cha 2011 linapeza benzene m'zitsime za ku Nisisioken Ogale wochuluka kuwirikiza ka 900 kuposa mlingo wa bungwe la WHO, ndipo linati kuyeretsa deralo kungatenge zaka 25 mpaka 30. Kumeneko anali mapaipi a makampani, kuno ndi zigubu ndi timadzenje, koma njira ya pansi ndi imodzimodzi. Mafuta akalowa m'timipata amamatirira, ndipo amachoka pang'onopang'ono kwa zaka.

Amayi, imvani ichi: kolorini amene tinazolowera nthawi ya kolera amapha tizilombo, sachotsa mafuta. Kuwiritsa nakonso sikuchotsa oyilo. Madzi akayamba kununkha dizilo, kapena mukaona timitundu tonyezimira ngati utawaleza pamwamba pa ndowa, musamwe, musaphikire, musasambitsire mwana. Uzani a komiti ya mjigo ndi alangizi a zaumoyo tsiku lomwelo, iwo akadziwitse a zamadzi ndi a zachilengedwe ku khonsolo ya Phalombe. Pakadali pano katungeni kwina, ngakhale kutalike.

Oyilo wakuda asungidwe m'chigubu chotseka bwino, pa simenti, pansi pa denga, ndipo mufunse ku khonsolo kumene mungakamusiye. Musakwirire zigubu za mafuta pobisa, chifukwa zikadontha pansi simudziwa. Mafuta akatayikira pansi, thiranipo utuchi kapena mchenga wouma, muwole ndi fosholo pamodzi ndi dothi lonyowalo n'kuika m'chitini. Osatsukira ndi madzi. Njinga zamoto zisatsukidwe pa mjigo kapena mumtsinje. Chimbudzi chitalikirane ndi chitsime mamita osachepera 30, ndipo chikhale kumunsi kwake. Pamchenga ndi pa ming'alu onjezerani mtunda.

Mafumu, yendani m'midzi mwanu sabata ino. Kumene mupeze dothi lakuda pafupi ndi madzi, likumbidwe n'kuchotsedwa mvula yoyamba isanagwe.