Mikango ya simenti pa chipata

Lero ndilemba motalikirapo, ndipo ena mukhumudwa nane. Pirirani, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi.

Mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, ndinaitanidwa kukapempherera nyumba yatsopano kumayadi ku Lilongwe. Pa chipata panali mikango iwiri ya simenti yopaka utoto wagolide, kukamwa kuli yasa. M'kati mwa mpanda, pakati pa kapinga wobiriwira ngati wa m'dzinja, panali kasupe, ndipo pamwamba pake chiboliboli cha mkazi wachizungu akutsanula madzi mumtsuko usana ndi usiku. Tinapemphera, tinadya, tinayamika. Potuluka, mlonda amene ananditsegulira chipata anandinong'oneza kuti, "Bambo, mutikumbukirenso ife m'mapemphero. Mwezi wachitatu uno sitinalandire." Ndinayang'ananso mikango ija, ndipo mdalitso umene ndinali nditangoupereka unandiwawa m'kamwa.

Ndikudziwa kuti ena mwathamangira kale ku Eksodo 20, kuti chosema chilichonse ndi fano, tsono tiphwanye zonse. Dekhani. Mulungu yemweyo amene analetsa kugwadira mafano ndiye anadzaza Bezaleli ndi Mzimu wake kuti aseme miyala ndi mitengo, monga tiwerenga pa Eksodo 31. M'Kachisi wa Solomo munali akerubi osema, ndipo thawale lalikulu lamkuwa linakhala pa misana ya ng'ombe 12. John Calvin, amene sanalole zifaniziro m'nyumba yopemphereramo, anavomereza kuti luso la kusema ndi kujambula ndi mphatso yochokera kwa Mulungu. Lamulo lachiwiri liletsa kufanizira Mulungu ndi kupembedza chopangidwa ndi manja. Palibe wa inu amene amagwadira mkango wa simenti, ndipo mlandu wanga ndi inu suli pamenepo.

Mlandu wanga ndi uwu: chiboliboli chimalankhula. Sichifunda munthu, sichitchinga mvula, sichithamangitsa mbala. Ntchito yake ndi kuuza wodutsa pamsewu kuti mwini nyumba ndi munthu wotani. Tsono funsani chimene chanu chikulalikira.

Mafumu akhala akudziwa zimenezi kuyambira kale. Mu 1682 mfumu ya ku France, Louis XIV, inasamutsira likulu lake ku Versailles, kumene minda yake inadzazidwa ndi ziboliboli zambirimbiri za mwala ndi mkuwa. Pakati pa dziwe lina anaikapo Apollo, mulungu wa dzuwa wa Agiriki, akutuluka m'madzi pa galeta la akavalo, chifukwa mfumuyo inkadzifanizira ndi dzuwa. Madzi sankakwanira akasupe onse nthawi imodzi, motero antchito ankatsegula kasupe mfumu ikamayandikira ndi kumutseka ikadutsa. Mu Okutobala 1789 amayi a ku Paris anayenda pansi mpaka ku Versailles kukafuna buledi, nabwerera mumzinda ali ndi mfumu ya nthawiyo, Louis XVI. Apollo uja anangoyang'ana.

Solomo nayenso anali ndi mikango. Pa 1 Mafumu 10 tipeza mpando wake wa minyanga ya njovu wokutidwa ndi golide, mikango iwiri m'mbali mwake ndi ina 12 pa makwerero. Kachisi anamumanga zaka 7, nyumba yakeyake zaka 13, ndipo amuna 30,000 a mu Israyeli anawalemba thangata. Atangomwalira, anthu anapita kwa Rehobiamu kukadandaula za goli lolemera, ndipo ufumu unang'ambika pawiri. Yeremiya 22 atemberera mfumu Yehoyakimu, amene anamanga nyumba yosanja ya mazenera otakata, ya matabwa a mkungudza ndi utoto wofiira, osalipira omugwirira ntchito. Mneneri sanakwiye ndi utotowo. Anakwiya ndi malipiro amene anabisika pansi pa utotowo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Palinso china chondipweteka. Mikango iyi imatuluka m'chikombole chimodzi. Wa ku Area 43 ndi wa ku Namiwawa afanana ngati mapasa, ndipo onse akutsanzira zipata za ku Ulaya zimene eni nyumba anaziona pa foni. Kodi kwathu kuno kulibe osema? Ku Mua, m'boma la Dedza, wansembe wa Chikatolika Claude Boucher anayambitsa Kungoni mu 1976, ndipo osema a kumeneko ntchito zawo zinafika kumayiko akutali. Ku Zimbabwe, mudzi wa osema miyala wa Tengenenge unayamba mu 1966 pa famu ya fodya, ndipo ena mwa oyamba kugwira nyundo kumeneko anali anthu athu a ku Malawi amene anapita kukagwira ntchito m'mafamu. Koma taonani mmene timachitira ndi wosema wa m'mbali mwa msewu. Munthu wakhala masabata atatu akulimbana ndi phingo, manja ali matuza, ife tili m'galimoto, galasi lotsitsa theka, kumunenerera mtengo mpaka atagulitsa molira kuti ana agone atadya. Mawa lake tilipira chikombole cha simenti osafunsa ndi komwe. Tikagulanso chosema cha mkungudza wa ku Mulanje, mtengo umene watsala pang'ono kutheratu, sitifunsa kuti unadulidwa bwanji.

Mudzati, "Ndalama ndi zanga, ndinakhetsa thukuta." Mwina nzoona, ndipo ngati nzoona, Mulungu akudalitseni. Koma ine ndinakalambira m'boma, ndipo malipiro a munthu wa m'boma ndimawadziwa. Pali zipata zina zimene ndikadutsapo ndimachita masamu m'mutima, masamuwo nakana. Zimene zinaululika ku Capital Hill mu 2013 sitinaiwale. Ngakhale ndalamazo zikhale zoyera, gawo la mlonda si lanu. Deuteronomo 24 alamula kuti wolembedwa ntchito wosauka alandire zake dzuwa lisanalowe, ndipo Yakobo 5 achenjeza kuti malipiro obedwa amafuula mpaka kumwamba.

Tsono, ana anga amene mukumanga, sindikuletsani kukongoletsa pakhomo. Mulungu anaika munthu woyamba m'munda wokongola, ndipo kukongola si tchimo. Koma musanaimike chiboliboli, lipirani womanga, wopala matabwa, mlonda ndi wothirira maluwa, mpaka tambala yomaliza. Mukatero, pitani kwa wosema wodziwika dzina, mumve mtengo wake, mumulipire mosamutsitsa ulemu. Sankhani chosema chimene mungachifotokoze kwa mdzukulu wanu popanda manyazi, monga mayi wosenza mtsuko wa kwathu kuno, kapena mlimi ndi khasu lake. Ndipo kasupe asamwe madzi tsiku lonse pamene kuseri kwa mpanda wanu amayi ali pamzere ndi zidebe.

Ine ndalapa kale mbali yanga, chifukwa tsiku lija ndinadalitsa ndisanafunse. Ndinabwererako ndi kulankhula ndi mwini nyumba pa awiri, monga Mateyu 18 atiphunzitsa. Kuyambira tsopano, mukandiitana kudzapempherera nyumba, ndidzayamba ndacheza ndi mlonda pa chipata, kenako ndidzalowa.

Chisomo cha Ambuye chikhale ndi inu nonse.