ZIMBABWE: Kachitsulo ka masenti ochepa kamene kakusowa m'mapulazi a ku Mashonaland

CHINHOYI — Pamene boma la Zimbabwe likulimbikitsa maphunziro a sayansi ndi luso la zopangapanga, achinyamata a m'madera a mapulazi ku Mashonaland akulimbana ndi vuto limene silitchulidwa pamisonkhano ya nduna, lomwe ndi kusowa kwa tizitsulo tomangira zipangizo zamagetsi. Kumene amatipanga, kachitsulo kamodzi kamagulidwa ndi masenti ochepa chabe. Koma kuti kafike ku Banket, ku Mvurwi kapena ku Macheke, ndalama zimene zimalowapo zimaposa mtengo wake kutalitali.

Tizitsulo timeneti pa Chingerezi amatitcha standoff ndi spacer. Ndi timizati tatifupi, tambiri totalika mamilimita 5 mpaka 20, timene timanyamula bolodi ya magetsi kuti isakhudze chitsulo cha bokosi lake. Standoff imakhala ndi mazinga olowetsamo kabawuti, pamene spacer ndi kapaipi chabe kamene bawuti amangodutsamo. Ntchito yake ndi yaing'ono koma yosalumphika. Kunsi kwa bolodi iliyonse kuli timiyendo ta waya tambirimbiri towotcherera, ndipo tikangogunda chitsulo, magetsi amachita shoti, bolodi n'kupsa. Mpata umene timizatito timasiya umathandizanso kuti mphepo idutse ndi kuziziritsa zipangizo, komanso kuti bolodi isathyoke makina akamanjenjemera.

Amene amatifuna si ana asukulu okha ofuna kupanga maloboti, mawu amene kum'mwera kuno kwa Africa ambiri amawadziwa ngati dzina la magetsi a pamsewu. Amatifunanso okonza wailesi ndi ma TV, okonza mainveta, ndi aliyense amene amatsegula kabokosi kowongolera mphamvu yolowa m'batire la sola. Kalembera wa m'chaka cha 2022 anapeza kuti pafupifupi nyumba 62 pa 100 zilizonse m'Zimbabwe zinali ndi magetsi, ndipo pafupifupi theka la nyumba zimenezi sizinkadalira mawaya a kampani ya boma ya ZESA. Kumidzi ndi kumapulazi mphamvuyo ndi ya dzuwa. Madzi atachepa m'damu la Kariba kumapeto kwa 2022, magetsi ankazima maola 18 kapena kuposerapo patsiku, ndipo ngakhale mabanja a m'tauni anathamangira ku sola. Zipangizo zimene anagula nthawi imeneyo zikukalamba, ndipo pakufunika manja ozikonza.

Ana a anthu a Mthandizi

Mapulazi a ku Mashonaland anakula ndi thukuta la anthu obwera. Kuyambira nthawi ya atsamunda, amuna ochokera ku Nyasaland, ku Mozambique ndi ku Northern Rhodesia ankatsikira ku Southern Rhodesia, ena wapansi, ena pa magalimoto aulere amene anthu anangowatcha Ulere, ndipo kuyambira 1946 ena ankalembedwa ndi bungwe la Rhodesia Native Labour Supply Commission, limene ku Malawi limakumbukika ndi dzina loti Mthandizi. Adzukulu awo akadalipo m'makomboni a ku Trelawney, Raffingora, Concession ndi Shamva, kumene Chichewa chimamveka ndipo Gule Wamkulu amavinidwa mpaka lero.

Boma litayamba kulanda mapulazi a azungu m'chaka cha 2000, antchito a m'mapulazi analipo oposa 300,000, ndipo pafupifupi mmodzi mwa anayi alionse anali wochokera kunja kapena mwana wa munthu wobwera. Ambiri anataya ntchito, ndipo amene analandira malo anali ochepa kwambiri. Pamodzi ndi ntchitozo panapitanso chinthu china chimene sichikambidwa kawirikawiri. Pulazi yaikulu inkakhala ndi galaja yakeyake, momwe munali makina osulira zitsulo, owotcherera ndi nkhokwe ya mabawuti a misinkhu yosiyanasiyana. Mwana wa makanika ankaphunzira ntchito poyang'ana bambo ake. Magalaja ambiri otere anaphwasuka, ndipo luso limene linatsala linabalalikira m'misika ya m'mbali mwa misewu.

Komabe ndalama sizinatheretu m'maderawa. Alimi ang'onoang'ono amene anagawiridwa malo anautenga ulimi wa fodya, ndipo dziko linagulitsa makilogalamu 296 miliyoni m'chaka cha 2023, ambiri mwa iwo ochokera m'zigawo zitatu za Mashonaland. Ian Scoones wa ku Institute of Development Studies ku Britain, amene wakhala akufufuza ndi anzake za moyo wa alimi a ku Mvurwi kwa zaka zambiri, walemba za momwe phindu la fodya lagulira masola, mapampu ang'onoang'ono othirira ndi njinga zamoto. Kwa mnyamata wa m'komboni amene alibe munda, kukonza zinthu zimenezi ndi imodzi mwa ntchito zochepa zimene zingamuchotse pa ganyu ya m'munda, kumene malipiro otsika ovomerezeka akhala osafika madola 100 a ku America pamwezi.

Mtengo uli panjira

Masitolo a zitsulo a m'matauni a alimi amasunga zimene alimi amafuna, monga mabawuti a M8, M10 ndi M12 a pulawo, ngolo ndi thalakitala. Nambalayo imasonyeza kukula kwa bawuti m'mamilimita. Zamagetsi zimafuna tochepa kwambiri. Bolodi ya Arduino, imene inayambira ku Ivrea m'dziko la Italy mu 2005 ndipo ndi imene ophunzira ambiri amayambira, ili ndi mabowo a M3. Kakompyuta ka Raspberry Pi, kamene kanatuluka ku Britain mu 2012 pamtengo wa madola 35, kamafuna M2.5. Kusiyana kwa theka la milimita kumeneku n'kokwanira kuti munthu amene wagula molakwika ang'ambe bolodi poumiriza bawuti.

Choncho ulendo umakhala wa ku Harare, mtunda wa makilomita oposa 100 kuchokera ku Chinhoyi ndiponso pafupifupi 200 kuchokera ku Karoi. Kumeneko munthu angayese mwayi kwa okonza mafoni ndi makompyuta a ku Gulf Complex, kapena pamilu ya zitsulo zakale ku Siyaso ku Mbare. Ndalama yokwerera basi kupita ndi kubwera ingagule timizati mazanamazana pamtengo wa ku Shenzhen, mzinda wa ku China umene msika wake wa Huaqiangbei umadyetsa dziko lonse zipangizo zoterezi.

Vuto lachiwiri ndi la ndalama yeniyeniyo, ndipo apa Zimbabwe ikusiyana ndi maiko oyandikana nayo. Ndalama ya dzikoli itagwa mu 2008, boma linavomereza dola ya America mu 2009, koma dolayo inabwera ya mapepala okha, yopanda makobiri. Kwa zaka zingapo ogula ankalandira maswiti ndi zolembera m'malo mwa chenje. Makobiri otchedwa bond coins anatuluka mu Disembala 2014 kuti athetse vutoli, koma mphamvu yake inatha dola ya Zimbabwe itabwerera mu 2019 n'kuyambanso kugwa. Pa 5 Epulo 2024 boma linakhazikitsa ndalama ya ZiG pamlingo wa 13.56 pa dola imodzi, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho banki yaikulu inaichepetsa mphamvu ndi gawo loposa 40 pa 100. Kunja kwa mizinda ikuluikulu malonda ambiri amachitikabe m'madola a America, ndipo kumeneko mtengo wotsikitsitsa umene wogulitsa amaudziwa bwino ndi dola imodzi. Chinthu cha masenti asanu chilibe malo mumsika wotere. Wamalonda amakakamizika kuchigulitsa dola, kapena kuchimanga m'kathumba ka zambiri zimene wogula sakuzifuna, kapena, monga ambiri amachitira, kusachisunga n'komwe.

Kuitanitsa pa intaneti kumaoneka ngati njira yachidule. Pa AliExpress bokosi la timizati ta nayiloni toposa 100 ta misinkhu yosiyanasiyana limagulidwa ndi madola ochepa. Koma pamafunika khadi ya banki yolipirira kunja, adiresi imene a positi angaipeze, ndi kuleza mtima kwa masabata angapo. Pamwamba pake pamabwera misonkho, kuphatikizapo VAT, imene inakwera kufika pa 15 peresenti mu Januwale 2023, ndi msonkho wa kutumiza ndalama pa foni kapena pa banki, umene nduna ya zachuma Mthuli Ncube anauika pa masenti 2 pa dola iliyonse mu Okutobala 2018. Enanso amatuma amalonda opita ku Johannesburg ndi Pretoria kudzera pachipata cha Beitbridge.

Kwa mabanja a anthu obwera, khadi ya bankiyo ili ndi mbiri yakeyake. Lamulo la unzika limene linasinthidwa mu 2001 linafuna kuti aliyense amene angakhale ndi ufulu wa unzika wa dziko lina aukane polemba, ndipo anthu ambiri obadwira m'mapulazi, amene sanapondepo ku Malawi, anatsala ndi zitupa zolembedwa kuti ndi alendo. Malamulo aakulu a dziko a 2013 anabwezera unzika kwa obadwira m'Zimbabwe amene kholo lawo linachokera m'dziko la SADC, koma lipoti la Amnesty International la mu Epulo 2021 linapeza kuti ambiri anali asanapezebe zikalata, chifukwa makolo awo anamwalira osasiya pepala lililonse. Wopanda chitupa sangatsegule akaunti ku banki, ndipo sangalembetse nambala ya foni m'dzina lake.

Zimene anthu amapeza pafupi

Posowa zenizeni, amisiri amagwiritsa ntchito zimene zili pafupi, ndipo zina mwa izo n'zabwino kuposa momwe zimaonekera. Thupi la bolopeni lodulidwa bwino limagwira ntchito ya spacer, chimodzimodzinso kapaipi kopyapyala kothirira mbewu, kamene m'mapulazi sikasowa. Bawuti wautali wa M3 wokhala ndi manati atatu, ina yomangira kubokosi ndi ziwiri zogwira bolodi pansi ndi pamwamba, amalowa m'malo mwa standoff bwinobwino, ndipo munthu amadzisankhira kutalika kwake. Mabokosi a makompyuta akale ali ndi timizati ta bulasi tingapo, koma pano pali msampha. Mazinga ake ambiri ndi a muyeso wa ku America wa 6-32, amene amafanana ndi M3 pamaso koma salowana, ndipo wowaumiriza amawononga zonse ziwiri.

Zoipa ndi thabwa losauma, limene limamwa chinyezi nthawi ya dzinja n'kuyamba kudutsitsa magetsi pang'onopang'ono, ndi guluu wotentha, amene amafewa bokosi likakhala padzuwa la mu Okutobala. Ngakhale wogula zenizeni ayenera kusankha. Nayiloni sidutsitsa magetsi ndipo ndi yotsika mtengo, choncho ndi yoyenera ophunzira, koma imafooka ndi kutentha. Bulasi ndi wolimba ndipo amayenera makina onjenjemera monga pampu, koma akakhudza kanjira ka magetsi pabolodi amayambitsa shoti imene amayenera kuteteza. Bulasi ndi kopa wosakaniza ndi zinki, ndipo kopa ankakumbidwa konkuno, pamgodi wa Mhangura kumpoto kwa Chinhoyi, mpaka pamene unatsekedwa cha m'ma 2000.

Owerenga a ku Malawi akumbukira William Kamkwamba wa ku Wimbe m'boma la Kasungu, amene mu 2002 anapanga makina a magetsi oyendera mphepo ndi zitsulo zotola pagalaja yakale ya esiteti ya fodya, n'kusula zitsekerero za mabotolo kuti zikhale mawasha. Nkhani yake imatchulidwa kawirikawiri monga umboni wakuti wosauka safuna sitolo. Umboniwo uli ndi malire. Makina a mphepo amalola kuphonya ndi sentimita, pamene bolodi ya masiku ano silola kuphonya ndi milimita, ndipo mazinga a M2.5 sangasulidwe ndi msomali wotentha.

Boma lili ndi ndondomeko zokwanira papepala. Unduna wa maphunziro apamwamba unayambitsa Education 5.0 pansi pa nduna Amon Murwira, n'kumanga malo opangira zinthu zatsopano m'mayunivesite, ndipo mu 2024 sukulu za pulayimale ndi sekondale zinalandira silabasi yatsopano ya Heritage-Based Curriculum, imene imafuna kuti ana azichita mapulojekiti. Pali ena amene anganene kuti kukamba za timabawuti n'kutaya nthawi pamene sukulu zina za m'malo ogawidwa kumene zinayambira m'mabalani a fodya ndi m'nyumba zakale za eni mapulazi, ndipo zina mpaka pano zilibe magetsi. Mfundoyo ndi yoona, koma ikusonyezanso chifukwa chake bolodi imodzi imene sukulu yotere yalandira siyenera kupsa m'sabata yoyamba. Opereka thandizo amakonda kugula zimene zimaoneka pachithunzi, ndipo tizinthu totha msanga sitikhala m'bajeti ya wina aliyense.

Njira yotsika mtengo kwambiri ndi yogulira pamodzi. Sukulu khumi za m'dera limodzi, kapena amisiri a msika umodzi, akaitanitsa bokosi limodzi lalikulu, mtengo wa ulendo ndi wa msonkho umagawanika, ndipo vuto la chenje limatha chifukwa palibe amene akugula kamodzikamodzi. Chinhoyi University of Technology ndi Bindura University of Science Education zili pakati penipeni pa madera a mapulazi, ndipo makina osulira zitsulo kapena osindikiza zinthu za pulasitiki angatulutse ma spacer ambiri patsiku limodzi. Nthawi yabwino yosonkhetsa ndalama zoterezi ikudziwikanso, chifukwa misika ya fodya imatsegulidwa m'mwezi wa Malichi, ndipo kwa miyezi ingapo yotsatira madola amayenda m'manja mwa alimi ndi mwa amene amawakonzera zipangizo.