Ana Athu Akhale Olemba, Asakhale Omasulira Chabe

Abale ndi alongo a kuno ku Rotherham ndi m'mizinda yoyandikana nafe, mwana akamaliza digiri yoyamba n'kunena kuti akufuna kupitiriza za unamwino, zamalamulo kapena zowerengera ndalama, m'nyumba mumamveka nthungululu. Koma akati akufuna masitazi kapena PhD ya anthropology, maphunziro ofufuza chikhalidwe ndi kakhalidwe ka anthu, makolo ambiri timangoti kakasi, kenaka n'kufunsa kuti: "Kodi zimenezo udzadya?" Funsoli ndi lomveka. Komabe maganizo anga ndi akuti mwana wotereyu tiyenera kumulimbikitsa, malinga ngati waidziwa bwino njira imene akufuna kuyendamo.

Ambiri sitidziwa kuti nkhani za kumudzi kwathu zinalembedwa kwambiri chakuno kumpoto kwa England. M'chaka cha 1949, Max Gluckman anakhazikitsa dipatimenti ya maphunzirowa pa yunivesite ya Manchester, ulendo wa pasitima wosakwana maola awiri kuchokera kuno kudzera ku Sheffield. Iye anali atatsogolerapo bungwe lofufuza la Rhodes-Livingstone Institute ku Northern Rhodesia, dziko limene lero ndi Zambia, ndipo ambiri mwa omwe anagwira naye ntchito anafufuza pakati pa anthu athu. Clyde Mitchell anakhala m'midzi ya Ayao natulutsa The Yao Village mu 1956. Jaap van Velsen analemba za Atonga a ku Nkhata Bay mu The Politics of Kinship mu 1964. Max Marwick anafufuza za ufiti ndi ubale pakati pa Achewa a kum'mawa kwa Zambia, ndipo buku lake linatuluka mu 1965. Mabuku atatu onsewa anasindikizidwa ku Manchester.

Muli nzeru m'mabukuwa. Van Velsen anaona kuti amuna Achitonga opita kukagwira ntchito kutali sanali kupha mudzi ayi, koma ankauchirikiza ndi ndalama komanso kusunga malo awo pachibale, poyembekezera tsiku lobwerera. Ife amene timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi tingadzione tokha m'mawu amenewo. Mlendo amabweradi ndi kalumo kakuthwa.

Koma funsani kuti amene ankamasulira mawu a agogo athu anali yani. Ofufuza aja ankadalira athandizi Achiafirika amene ankafunsa mafunso, kuwerenga mabanja ndi kufotokoza zimene mlendo sakanatha kumva. Lyn Schumaker anasonyeza m'buku lake la mu 2001, Africanizing Anthropology, kukula kwa ntchito imene athandiziwa anagwira, chonsecho maina awo sanali pachikuto cha mabuku. Ngakhale Kamuzu Banda, amene pambuyo pake anagwira ntchito ya udokotala ku Liverpool ndi ku North Shields, ali wophunzira ku Chicago ndiye anapereka Chichewa chimene Mark Hanna Watkins analembera buku la galamala la mu 1937. Kwa zaka zambiri ife takhala eni nkhani, koma cholembera chili m'manja mwa ena. Mwana wathu akafuna kuchigwira cholemberacho, tisamuseke.

Tsono kwa inu achinyamata, chuma chanu choyamba ndi chilankhulo. Kubadwa kwa makolo Achimalawi si umboni woti mukudziwa Malawi. Mwana wokulira ku Rotherham akafika ku Dedza kapena ku Katete ndi mlendo, ndipo anthu amamuzindikira asanamalize n'komwe moni. Harri Englund, wa ku Finland, amene ndi pulofesa ku Cambridge, anaphunzira Chichewa mpaka kulemba buku la mu 2011 lofotokoza pulogalamu ya Nkhani Zam'maboma ya pa wailesi ya MBC. Ngati wobadwira kutali chotero anachita khama, inu amene mumachimva chilankhulochi pa nsima tsiku ndi tsiku mulibe chowiringula. Makolo, apa ndi pamene udindo wathu uli. Tikamayankhula Chingerezi chokhachokha m'nyumba, tikumulanda mwana khasu limene anzake m'kalasi akulifunafuna ndi ndalama.

Chachiwiri, sankhani mphunzitsi woyang'anira kafukufuku wanu musanasankhe dzina la yunivesite. PhD kuno imatenga zaka zitatu kapena zinayi, ndipo munthu ameneyu ndiye adzawerenga zolemba zanu, kukukonzekeretsani kuunikidwa kwa kumapeto kwa chaka choyamba, ndi kukuperekezani mpaka pa mayeso apakamwa otchedwa viva. Werengani zimene iye analemba, mulembereni kalata yaifupi yofotokoza funso lanu, ndipo funsani ophunzira ake ngati amapezeka akafunidwa. Safunsa anadya phula. Muzikumbukiranso kuti m'dipatimenti mukhoza kukhala Mmalawi nokha, ndipo ena adzafuna kuti muziwamasulira kapena kuyankhulira Afirika yense. Thandizani mwaulemu, koma ntchito yanu ikalowa m'zolemba za wina, dzina lanu lilowenso. Kambiranani zimenezi ntchito isanayambe.

Chachitatu ndi ndalama. Langizo langa ndi lakuti musayambe PhD popanda thandizo la fizi ndi ndalama yodyera, pokhapokha ngati muphunzira pang'onopang'ono uku muli pantchito. Bungwe la ESRC limapereka thandizoli kudzera m'magulu a mayunivesite, monga la White Rose momwe muli Sheffield, Leeds ndi York, ndipo kuyambira mu 2021 ophunzira ochokera kunja analoledwanso kupikisana nawo, ngakhale malo awo ndi owerengeka. Makalata opempha amatsekedwa kumayambiriro kwa chaka, choncho kukonzekera kuyambe miyezi ingapo m'mbuyo. Fufuzaninso msanga ngati yunivesite ikuwerengerani ngati wakuno kapena wakunja, chifukwa fizi zake n'zosiyana kwambiri. Abale amene ali ku Malawi adziwe za thandizo la Commonwealth, Chevening ndi Beit Trust, komanso kuti kuyambira mu January 2024 wobwera kudzachita masitazi ya m'kalasi saloledwa kubwera ndi banja lake, pamene wa PhD amaloledwa.

Chachinayi ndi ulemu pokafufuza. Kupatula chilolezo cha yunivesite yanu, kafukufuku wa ku Malawi amafuna chilolezo cha komiti yovomerezeka pansi pa National Commission for Science and Technology. Koma chilolezo cha papepala sichilowa m'malo mwa kukaonekera kwa mfumu ndi kukhala pamphasa n'kumvetsera. Gule Wamkulu anazindikiridwa ndi UNESCO mu 2005, koma izi sizitanthauza kuti za kudambwe n'zoulutsa. Zina mudzauzidwa chifukwa ndinu mwana wa pakhomo, ndipo zimenezo si zonse zoyenera kulowa m'buku. Mukamaliza, bwererani mukawauze anthuwo zimene munapeza, m'chilankhulo chawo.

Nanga za kudya zija? Tinene zoona: ntchito za uphunzitsi m'mayunivesite n'zochepa, ndipo opikisana ndi ambiri. Koma wodziwa kumvetsera anthu ndi kulemba zomveka amafunika m'mabungwe achitukuko, m'kafukufuku wa zaumoyo, m'nyumba zosungira mbiri ndi m'makhonsolo a mizinda ngati uno, momwe mukukhala anthu a mitundu yambiri. Mwana aganizire ntchito zimenezi kuyambira chaka choyamba, osadikira tsiku lovala gauni.

Makolo anzanga, sindikunena kuti mwana aliyense asiye unamwino. Ndikupempha kuti m'modzi amene mtima wake uli kumeneku tisamutsekere khomo. Timufunse za mphunzitsi wake, za fizi ndi za funso limene akufuna kuyankha. Timupatse maina a amalume ndi azakhali amene angamulandire kumudzi. Koposa zonse, tiziyankhula naye Chichewa, kuti tsiku limene adzakhale pansi ndi agogo ake asadzafune womasulira.