Umoyo wa M'banja: Msana Ukayamba Kupweteka

Chaka ndi chaka, nyengo yolima ikafika, timaona malo ena m'tchalitchi ali opanda eni ake. Tikafunsa kuti bambo aja kapena mayi aja ali kuti, yankho limakhala lomwelo: "Agona, ndi msana." Vutoli si lathu lokha ayi. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linawerengera kuti m'chaka cha 2020 anthu 619 miliyoni anali kuvutika ndi msana wa m'chiuno. Nchifukwa chake mwezi uno tati tikambirane za matendawa ndi machiritso ake.

Mlengi anaumba msana mwaluso. M'chiuno muli mafupa 5 osanjikizana, ndipo pakati pa fupa ndi linzake pali kanyama kofewa konga nkhata, koletsa mafupawo kukhulana. Nkhatayi ikasuntha kapena kutupa, imapanikiza mizu ya mtsempha waukulu umene umatsika kuchokera m'chiuno, kudzera m'thako ndi kumbuyo kwa ntchafu, mpaka kuphazi. Pamenepo wodwala amamva ululu wonga moto kapena dzanzi m'mwendo umodzi, makamaka akakhala pansi, akatsokomola kapena akayetsemula. Madokotala amati nthendayi ndi sciatica.

Mawu otonthoza ndi akuti anthu ambiri amapeza bwino pakatha masabata 4 mpaka 6, popanda opaleshoni. Kale tinkauzidwa kuti wodwala msana agone pamphasa kufikira atachira. Lero madokotala apeza kuti kugona masiku ambiri kumafooketsa minofu ndi kuchedwetsa kuchira. Wodwala apumule pang'ono ululu ukakula, koma aziyendayenda pabwalo ndi kugwira ntchito zopepuka. Kuthowa m'chiuno ndi nsalu yoviikidwa m'madzi ofunda kumathandizanso. Pogona, agonere m'mbali ndi kuika mtsamiro pakati pa mawondo. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kunena za mankhwala, ibuprofen amachepetsa ululu, koma amwedwe munthu atadya, ndiponso kwa masiku ochepa. Amene ali ndi zilonda za m'mimba, matenda a impso, ndi amayi oyembekezera asamwe mankhwalawa asanafunse kuchipatala. Panado payekha sathandiza kwenikweni pa vuto la msana. Tichenjere ndi mapiritsi ogula pamsika, pakuti kuwamwa miyezi yambiri kumawononga m'mimba ndi impso. Kutema mphini nako sikufika pamene mtsempha wapanikizika. Lumo limangosiya zilonda, ndipo likagwiritsidwa ntchito pa anthu angapo limafalitsa matenda.

Ululu ukapitirira masabata 6, tipite kuchipatala. Kumeneko kuli akatswiri ophunzitsa odwala kuwongola ndi kulimbitsa minofu ya m'mimba ndi ya kumsana. Ena amabayidwa jakisoni pafupi ndi mtsemphawo kuti ululu uchepe kwa kanthawi. Opaleshoni yochotsa mbali ya nkhata imene ikupanikiza mtsempha ndi ya anthu ochepa, amene njira zina zalephera kapena amene mwendo wawo ukufookerafookera.

Koma pali zizindikiro zosayenera kudikira nazo kuti kuche. Ngati wodwala akulephera kukodza, kapena akudzionongera osazindikira. Ngati wachita dzanzi pakati pa ntchafu ndi kumalo obisika. Ngati miyendo yonse iwiri yafooka, athamangire naye kuchipatala tsiku lomwelo, pakuti kuchedwa kungamupundule moyo wake wonse. Chimodzimodzinso msana wopweteka munthu atagwa kapena atachita ngozi. Ndipo ngati ululu ukudza pamodzi ndi kutentha thupi, kuwonda ndi thukuta la usiku, akayezedwe msanga, chifukwa TB imagwiranso mafupa a msana, ndipo mankhwala ake alipo.

Tsono mawu kwa inu achinyamata. Ponyamula thumba la chimanga, pindani mawondo, msana ukhale wowongoka, katunduyo akhale pafupi ndi thupi. Pewani fodya, pakuti osuta amadwala msana kawirikawiri. Koposa zonse, musaonerere amayi anu akusenza ndowa ndi nkhuni akutsimphina, inu muli khale pamthunzi. Mutu umodzi susenza denga.

Ndipo ife makolo tisachite manyazi kunena kuti tadwala. Pa Luka 13 timawerenga za mayi amene anali wopindika msana zaka 18. Ambuye Yesu anamuona m'sunagoge, namuitana, namuchiritsa, ngakhale linali tsiku la Sabata. Ifenso tiwaone anzathu otere mumpingo mwathu. Tiwapempherere, tiwalimire mizere ingapo, ndipo ofunika kuchipatala tiwaperekeze. Thupi ndi mphatso ya Mulungu. Tilisamale kuti timutumikire nalo masiku onse amene watipatsa.