Mukapita ku Ulaya Musathere ku London

Anzanga ambiri pano pasukulu akamakamba zopita kunja kukaphunzira, dzina limene lili pakamwa pawo ndi London basi. Ine maganizo anga ndi akuti Mmalawi wofika ku Britain, ngakhale thumba lake likhale lopepuka, ayenera kukwera sitima ndi kupita kumpoto ku Scotland, pakuti kumeneko ndiko kuli mbiri yokhudzana ndi ife.

Sindikunyoza London ayi. Kumeneko kuli British Museum, nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa m'chaka cha 1759, ndipo munthu alowamo osalipira. Kulinso tchalitchi cha Westminster Abbey, m'mene anaika mtembo wa David Livingstone mu 1874. Koma mzindawo ndi waukulu zedi, malo ogona ndi okwera mtengo, ndipo mlendo wosasamala amangothera m'masitolo. Pobwerako ali ndi suti ndi nsapato zonyezimira, koma m'mutu mulibe chatsopano.

Tsono mverani ulendo umene ine ndiuyesa wanzeru. Sitima yochoka pa King's Cross ifika ku Edinburgh patapita maola anayi ndi theka, ndipo tikiti yogula masabata angapo tsiku lisanafike imakhala yotsikirapo mtengo. Pakati pa mzindawo pali linga lakale lomangidwa pathanthwe, ndipo msewu wa Royal Mile utsetsereka kuchokera pamenepo kufikira kunyumba yachifumu ya Holyrood. Msewu umenewu muuyende wapansi, mosafulumira, pakuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Mumzinda womwewu ndimo Dr Hastings Kamuzu Banda anatsiriza maphunziro ake a udokotala mu 1941. Dziwaninso kuti chiyambire 1947 kumakhala chikondwerero chachikulu cha nyimbo ndi zisudzo mwezi wa Ogasiti, ndipo nthawi imeneyo malo ogona amavuta kupeza.

Kuchokera ku Edinburgh kupita ku Glasgow ndi ulendo wa ola limodzi pasitima. Pafupi ndi Glasgow, m'mphepete mwa mtsinje wa Clyde, pali tauni yaing'ono yotchedwa Blantyre, imene dzina lake anapatsa mishoni ya kwathu kuno mu 1876. Kumeneko ndiko Livingstone anabadwira mu 1813, ndipo nyumba yake ilipobe kuti alendo aione. Banja lonse linkakhala m'chipinda chimodzi. Ali ndi zaka 10 anayamba ntchito m'fakitale ya thonje, kuyambira 6 koloko m'mawa kufikira 8 koloko usiku, ndipo akaweruka ndi pamene ankapita kusukulu. Kodi anzathu aja amene amawodzera pa nthawi yowerenga madzulo angayankhe chiyani ataima m'chipinda chimenecho?

Ena adzati, "Nanga tiwonongerenji ndalama kukaona nyumba ya mzungu amene anamwalira kalekale?" Funso limeneli ndi labwino ndithu. Yankho langa ndi lakuti sitipitako kukapembedza munthu. Tipitako kukaona ndi maso athu kuti anthu a m'mabuku athu a mbiri sanatsike kumwamba. Ena anali amphawi kuposa ife. Ndiponso mbiriyo si ya azungu okha. Livingstone atamwalira kwa Chitambo, m'dziko la Zambia, mu 1873, anali Susi ndi Chuma pamodzi ndi anzawo amene ananyamula mtembo wake miyezi yambiri kufikira ku Bagamoyo kunyanja yamchere. Pakadapanda Aafirika amenewa, manda aja a ku Westminster sakadakhalako.

Potsiriza, nawa malangizo ochepa. Pasipoti ndi viza mukonzeretu musananyamuke. Tengani jasi lochindikala, chifukwa ku Scotland kumazizira ndipo mvula ilibe nyengo yake. Mu Disembala dzuwa lilowa 4 koloko isanakwane, koma mu Juni kumawalabe mpaka 10 koloko usiku, kotero musadalire dzuwa podziwa nthawi monga tichitira kuno. Eni dziko amaima pamzere pogula tikiti, ndipo wodumpha mzere amamuyesa wamwano. Mukasokera funsani njira, pakuti safunsa anadya phula.

Amene mudzakhale ndi mwayi wopita, mukayende m'malo mwa ife tonse, ndipo mudzatilembere m'magazini ino zimene mwaona.