Mphatso ya ku Beira ndi spageti wa adyo

Lachisanu lina mwezi wathawu, dzuwa litapendeka kale, alamu anga amene amayendetsa thiraki pamsewu wa ku Beira anatulukira pakhomo atanyamula kabokosi ka ayezi. Anandipatsira ndi manja awiri, nkhope ili mwee. "Alamu, izi kuno mumangozimvera m'mahotela. Ndakutengerani kunyanja kwenikweni." Nditatsegula ndinapeza ma prawns, tinyama ta m'nyanja yamchere topindika msana, ta miyendo yambirimbiri. Mwana wanga wamkazi wa Fomu 3 anachita kulumpha, poti mlungu wonsewo ankandionetsa pafoni kavidiyo ka mayi wina akuphika spageti wa adyo ndi ma prawns m'mphindi 20 zokha.

Ndinasowa poyambira. Munthu wawononga ndalama zake, wasamala ayezi kuti asasungunuke pamzere wa pachipata cha Dedza, ndiye ine ndimuuze kuti sitidya? Alamuwo si a mpingo wathu. Amadziwa kuti nkhumba ndi mlamba sizilowa m'poto mwanga, koma za ma prawns sanaziganizire. Ndinawathokoza kaye kuchokera pansi pa mtima, kenako ndinawauza kuti lamulo lake ndi lomwe lija la mlamba. Pa Levitiko 11 ndi Deuteronomo 14 timaphunzira kuti za m'madzi zoyenera kudya ndi zomwe zili ndi zipsepse komanso mamba. Chambo, usipa, utaka ndi matemba zili nazo zonse ziwiri. Mlamba ndi kampango zipsepse zilipo koma mamba palibe. Ma prawns ndi nkhanu zili ndi chigoba, osati mamba.

"Ndiye kuti ndakubweretserani mlamba wa azungu?" anatero akuseka. Tinagwirizana kuti kabokosiko apite nako kwawo, koma asachoke asanadye.

Amene sanaseke ndi mwana uja. Ana athu amaona zakudya za dziko lonse pafoni, ndipo tikamangoti "ayi, n'zoletsedwa" osawapatsa china, amayamba kuganiza kuti kukhala wa Adventist ndi kumanidwa zokoma. Ndinamuuza kuti aonetsenso kavidiyoko, tione bwino chimene chikununkhiritsa chakudyacho. Tinapeza kuti ma prawns amangokhala pamoto mphindi ziwiri kapena zitatu. Ntchito yonse ikugwiridwa ndi adyo, mafuta, ndimu ndi madzi ophikira spageti. Ku Italy komwe kunachokera kaphikidwe kameneka, pali chakudya chakale cha anthu wamba chongokhala spageti, adyo ndi mafuta a olivi basi, chopanda nyama kapena nsomba iliyonse. Ambiri amene amaikamo ma prawns amathiramonso vinyo, amenenso ife sitimufuna. Ndimu amagwira bwinobwino ntchito imeneyo.

Zakudya za pa Sabata zinali zitapsa kale, ndipo kunatsala pafupifupi ola limodzi kuti dzuwa lilowe. Tinachita motere, ndipo zinakwanira anthu asanu.

Choyamba tereka madzi ambiri m'poto wamkulu, chifukwa pa mbaula ndi amene amachedwetsa zonse. Madzi akuwira, senda mutu wathunthu wa adyo, uduledule mopyapyala kapena uusinje pang'ono, n'kuusiya pambale kwa mphindi ngati 10. Adyo akaphwanyidwa n'kukhala kaye, m'pamene amatulutsa bwino fungo ndi mphamvu yake. M'malo mwa ma prawns ife tinaika bowa wolimidwa, mbale imodzi yodzaza, wong'ambidwa ndi manja. Bowa yekha sakhutitsa thupi mokwanira pa zomanga thupi, choncho tinanyika kapu imodzi ya soya pieces m'madzi otentha, kenako n'kuzifinya ndithu mpaka madzi onse atatuluka. Mukapanda kufinya, zimangowira m'chiwaya osakazingika.

Pa nkhani ya bowa ndiime pang'ono. Nyengo ya dzinja ikafika timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha bowa wa m'tchire. Ngati si utale kapena mtundu wina umene mumaudziwa kuyambira ubwana, musiyeni. Kuphika sikuchotsa poizoni wa bowa woipa, ndipo mwana asatumidwe kukazula yekha.

Madzi akawira, thirani mchere pang'ono ndi paketi ya spageti ya magalamu 500. Werengani nthawi yolembedwa papaketipo, nthawi zambiri imakhala pafupifupi mphindi 10, ndipo muphule kutatsala mphindi imodzi. Ife tinazolowera kuphika spageti mpaka kufewa ngati phala, n'kumutsuka ndi madzi ozizira. Zonse ziwirizi zimawononga. Musanakhetse, tungani kapu imodzi ya madzi oyera mbuu amene waphikiramowo, muwasunge.

M'chiwaya chachikulu ikani masupuni awiri a mafuta, mukazinge bowa ndi soya pamoto wamphamvu mpaka zitafiirira m'mbali, n'kuziphulira pambale. Tsopano chepetsani moto. Pa mbaula ine ndimangochotsa chiwayacho n'kuchigwira m'mwamba pang'ono. Onjezerani masupuni ena awiri a mafuta ndi adyo uja. Apa m'pamene pagona zonse: adyo amapserera msanga, ndipo akada amawawa mwakuti chakudya chonse chimatayika. Akangoyamba kusintha mtundu n'kununkhira, thirani theka la madzi munasunga aja. Kenako ikani spageti, bowa ndi soya, mutakase mwamphamvu. Muona madzi ndi mafuta zikugwirana n'kupanga kamsuzi komata pa spageti. Kakauma, onjezerani madzi otsalawo. Mukaphula finyiranimo ndimu mmodzi, n'kuwazamo masamba a anyezi odula bwino. Tsabola ine sindiika, ndimu ndi adyo zimandikwanira.

Amene mumadya nsomba, mnofu wa chambo wochotsa minga ndi woudula tizidutswa umalowa bwino m'malo mwa bowa. Ukazingeni mbali zonse ziwiri, ndipo muuike pomalizira kuti usaphwanyike.

Monga wa zaumoyo pampingo, pali ziwiri zimene sindingazisiye. Spageti woyera ali ngati nsima ya ufa woyera, ndiye odwala shuga asanyengeke poona kuti n'chakudya chachizungu. Atenge pang'ono, theka la mbale likhale masamba. Ife tinaphika mpiru wofutsa pambali. Chachiwiri ndi adyo. Ndakumanapo ndi abale amene anasiya mankhwala a kuthamanga kwa magazi ati poti akutafuna adyo m'mawa uliwonse. Adyo ndi wabwino m'ndiwo, ndipo amathandiza kuti tichepetse mchere, umene bungwe la WHO limati munthu wamkulu asafike magalamu 5 patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi kakang'ono. Koma salowa m'malo mwa mapiritsi amene adokotala anakupatsani.

Tinatsegula Sabata mbale zili kale patebulo. Mwana uja anati mawa lake akufuna adzayese yekha, ndinamukumbutsa kuti mawa ndi Sabata, adikire Lamulungu. Alamu anga anadya mbale ziwiri, n'kupukuta pakamwa, kenako anayang'ana cha kukhichini. "Zokoma kwabasi, alamu. Nanga nsima ibwera nthawi yanji?"