Musathamangire kukafulashitsa foni

Anzanga, pali chizolowezi china chomwe chikutipweteka m'midzi mwathu muno. Foni ikangokana kulowa pa Wi-Fi, timathamangira kumsika kukaifulashitsa. Ine ndinachita zimenezi mwezi watha ndipo mpaka lero mtima ukundiwawa.

Kwathu tili ndi kaMiFi komwe achimwene anatisiyira pobwerera ku Lilongwe. Timakatchaja pa sola. Foni ya mayi, yomwe ndimawerengerapo madzulo, inkalumikizika yokha ndikangofika pakhonde. Tsiku lina inayamba kukana. Dzina la netiweki likuoneka bwinobwino, koma ukadina imangozungulira n'kulemba kuti authentication problem. Wokonza mafoni sanandifunse kanthu, anangoti yadzadza mavairasi, n'kuifulasha. Mapepala a mayeso akale a JCE omwe ndinkatolera pa WhatsApp chiyambire Fomu 1, manotsi a Biology, zithunzi za malemu agogo, zonse zinapita. Ndalama yakenso inali ya mtedza womwe mayi anagulitsa.

Kufika kunyumba, foni ija n'kukanabe! Apa m'pamene achemwali anaulula kuti anasintha pasiwedi chifukwa anyamata oyandikana nafe ankatimalizira bandulo. Foni inalibe vuto ngakhale pang'ono.

Foni imasunga pasiwedi yomwe munailemba koyamba. Mwini MiFi akasintha, iyo siidziwa, imangolimbana ndi loko watsopano ndi kiyi wakale. Mankhwala ake satenga mphindi ziwiri: lowani mu Settings, pitani pa Wi-Fi, dinani dzina la netiwekiyo, sankhani Forget, kenako lembani pasiwedi yatsopano. Samalani zilembo zazikulu ndi zazing'ono, komanso 0 ndi O, zimapusitsa kwabasi. Musanafike n'komweko, zimitsani foni ndi MiFi yomwe, dikirani pang'ono, muyatsenso. Zikuoneka ngati zachibwana eti, koma nthawi zambiri zimatheka basi.

Muziwerenganso zomwe foni yalemba. Ikati connected, no internet, ndiye kuti pa Wi-Fi yalowa, koma bandulo yatha kapena netiweki ya kampani yathawa. Pamenepo ngakhale muifulashe kakhumi palibe chingasinthe. TiMiFi tambiri timalolanso mafoni owerengeka, ena khumi okha, ndiye ngati pasiwedi munagawira mudzi wonse, mwini wakenu mudzapeza malo atatha.

Ambiri a ife tilibe MiFi, timapempha hotspot kwa akuluakulu. Imeneyonso ili ndi makhalidwe ake. Imazima yokha pakapita mphindi zingapo popanda wolumikizako, choncho musanatukwane foni yanu funsani ngati idakali yoyaka. Mafoni ena atsopano amaulutsa hotspot pa 5 GHz pomwe timafoni tathu takale timangoona 2.4 GHz. Dzina lake silitulukira n'komwe. Mwini foni angosintha band pamalo a hotspot, zatha. Zonsezi zikakanika, pa Android pali Reset ya Wi-Fi, mobile ndi Bluetooth. Imafufuta manetiweki osungidwa koma zithunzi ndi manotsi siikhudza. Ingoonetsetsani kuti simunadine factory reset, poti zimakhala moyandikana.

Wina anena kuti okonza mafoni nawonso afunika kudya. N'zoona, ndipo sikirini ikasweka kapena pochajira pakafa tidzapitabe kwa iwo. Koma munthu wodziwa ntchito amayamba wafunsa, ndipo asanafufute kanthu amakuuza kuti ukopere zinthu zako pa memori khadi. Ineyonso ndinalakwa, ndinachita manyazi kufunsa kuti kufulasha kumatanthauza chiyani. Ndipo inu achemwali ndi achimwene osunga mapasiwedi, mukasintha muzitiuzako, si ife tonse akuba bandulo.

Mayeso akuyandikira ndipo ndayambiranso kutolera. Amene muli ndi mapepala akale a Masamu ndi Biology mundipeze pa buleki pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa Fomu 2, tigwirizane tsiku loti ndidzabwere ndi memori khadi.